Ndevu za a Ignasio

Loweruka, 2 Juni 1956

Madzi azirala m'beseni kachitatu tsopano. Ndinaphitsa dzuwa lisanapendeke, lumo ndinanola pa lamba, sopo watsopano. A Ignasio atsika kuphiri kumene amacheka matabwa, utuchi mpaka m'makutu, ayang'ana beseni, ayang'ana ine. "Zisiyeni, kukuzizira." Basi.

Zaka zinayi ndikuwameta Loweruka lililonse. Juni yemweyu, chisanu chomwechi, chibwano sichinawagwepo.

Lumoli anandipatsa azakhali tsiku la chilangizo, lokulunga m'kansalu kofiira. Anati mwamuna wapabanja sadzimeta yekha, ndipo sametedwa ndi wina koma mkazi wake. Nkhope yake ndiyo imauza mudzi za m'nyumba mwako. Ndinaseka tsiku lija. Lero ndalikulunganso louma, ndalitsomeka kudenga.

Kope ili linatsala pamene ndinasiya sukulu kwa asisitere. Ndizilembamo, chifukwa ndikayankhula nditukwana.

Lamulungu, 3 Juni

Ku Misa. Nkhungu njira yonse, Dorika kumsana, mapazi ngati si anga. Amuna mbali yawo, ife mbali yathu, ndiye ndinawaona a Ignasio chapatali monga amawaonera anthu ena. Zoipa. Ndevu zawo sizimera pamodzi: apa tsumba, apa timatsitsi towerengeka, pansi pa mphuno timasharubu tolowa m'kamwa. Munthu wa nkhope yosalala uja, amene atsikana a kwaya ankandichitira naye nsanje.

Bambo mfumu ali nazo mpaka pachifuwa, zoyera. Iwo zimawakhala. Alibe mkazi woti anthu amuseke. Palinso msilikali wakale uja wa masharubu opota, anabwera nawo kunkhondo, akazi ake amanyadira chifukwa amawapota ndi iwowo. Za a Ignasio zikuoneka kuti palibe dzanja lazikhudza.

Akulu anga a Magadalena anandigunyuza ndi chigongono. "Alamu ayamba kuphunzira unsembe?" Ulaliki wonse sindinaumve.

Lachitatu, 6 Juni

Kutong'ola chimanga kwa amayi, akazi asanu ndi mmodzi pa mphasa. Nkhani ndine. Wina akuti lumo langa lachita dzimbiri. Wina akuti mwina dzanja langa limanjenjemera. Onse kuseka, ine kusekanso, mano okha. Ndikudziwa chimene akunena, ndipo si ndevu.

Chowawa n'chakuti sakunama. Kuyambira Pasaka a Ignasio amagona pa mphasa yawo, kufupi ndi chitseko. Akuti chifuwa. Sindinawamvepo akutsokomola. Mbale yawoyawo, kapu yawoyawo, amatsuka okha. Ndasanduka wophikira mlendo.

Izi sindinauze munthu. Ndevu ndi zimene zikulengeza mudzi wonse ine ndisanatsegule pakamwa.

Loweruka, 9 Juni

Kachinayi. Madzi ndathirira mtengo wa mapichesi.

Dorika anawathamangira panjira monga mwa nthawi zonse. Anamunyamula, inde, koma mwana atangotambasula dzanja kuti akoke ndevu, anamugwira mkono n'kumutsitsa pansi ngati mphika wotentha. Analira mpaka mawu kusasa. Mwana wa zaka zitatu walakwa chiyani? Ndevuzi ndiye zakhala mwana wachisamba m'nyumba muno, sizikhudzidwa, sizinenedwa.

Ndinawauza maso ndi maso kuti sizikuwakhala, akuoneka ngati tonde wa amalume. Ndinkafuna akwiye. Anangoseka pang'ono, maso pansi. "Tonde ali ndi mwayi, sam'vutitsa munthu." Kenako anatenga nkhwangwa kukawaza nkhuni zowaza kale.

Bola akanalalata.

Lachinayi, 14 Juni

Ku Boma ndi dengu la kachewere. Pobwerera ndinakhala pakhonde la a Rashidi atelala, kudikira kuti asoke chigamba pa diresi la Dorika. Ndevu za a Rashidi zodulidwa molingana, zakuda, zonunkhira mafuta. Ndinaziyang'anitsitsa mpaka ndinadzichitira manyazi. Ndivomere, zikamasamalidwa zimakhala. Koma awo n'za chipembedzo chawo, aliyense akudziwa chifukwa chake.

Akazi awo a Zuhura anandipatsa madzi akumwa, ndipo sindikudziwa zinayamba bwanji, ndinawakhuthulira zonse. Anati amuna awo atameta angawathawe, angaoneke ngati kamlongo kawo kakang'ono. Amawadulira okha ndi sizasi Lachinayi lililonse, kuti Lachisanu akaoneke bwino kumzikiti. Kenako anatsitsa mawu. "Mayi, mwamuna sasunga ndevu popanda wina womuuza kuti zikumukhala. Ngati si inu, fufuzani."

Mtunda wonse wobwerera mawu amenewo m'mutu. Mchere ndinaiwala kugula.

Lachiwiri, 19 Juni

Ndakwera phiri. Chonamizira, ufa ndi nyemba. Dorika ndinasiya kwa amayi.

Misasa ya anthu ocheka, fungo la utomoni paliponse. Ndinasuzumira mumsasa wawo ngati wakuba: bulangete, kapu ija, kolona pa msomali. Nsalu ya mkazi ayi, mkanda ayi. Mkazi yekha kumeneko ndi nkhalamba yogulitsa thobwa, yopanda mano. Manyazi anandigwira, kenako mkwiyo, poona kuti palibe woti ndilimbane naye.

Ndinawapeza m'dzenje, pansi pa chipika, akukoka macheka, mnzawo ali pamwamba. Mnzawoyo anati, "Mlamu, amuna anuwa mwawatani? Kudya okha, kusamba okha kumtunda kwa mtsinje." Ndiye kunonso wolakwa ndine.

Atatuluka m'dzenjemo ndinaona magazi ouma m'ndevu, mbali ya kumanzere, kachibanthu ka thabwa katawabaya. Ndinati mwavulala. Anagwira tsaya la kumanja. Ndinati uko. Anatembenuka msanga, kuphimba ndi dzanja, kundiuza ndizipita kusanade. Ngakhale zikomo wa ufa.

Munthu mpaka osamva kuti walasidwa. Ndi mmene zachindikalira zinyalalazo.

Loweruka, 23 Juni

Kukalapa m'mawa. Ndinanena za mkwiyo, za kuganizira amuna anga zoipa. Ndinanenanso za ndevu. Ndinamva bambo mfumu akusisita zawo kuseri kwa kansalu. Anati kusameta si tchimo, mwana wanga, Yosefe Woyera anali nazo. Ndinafuna kufunsa ngati Maria ankatunga pa chitsime cha kwathu kuno. Ndapatsidwa mapemphero atatu, ndanena asanu kuti akwanire ndi funso limenelo.

Madzulo madzi sindinaphitse. Ndinkafuna afunse. Sanafunse.

Lachitatu, 27 Juni

Dorika wadzipaka makala pachibwano, akuyenda pabwalo manja kumbuyo, akuti ndine ababa. Anzake kumutsatira, kulira ngati mbuzi. Si ana anayamba zimenezi, anazimva kwa amayi awo. Ndamupukuta mwamphamvu kuposa mmene zinafunikira. Ndiye talira tonse awiri.

Lamulungu, 1 Julayi

Dzulo ndinalephera kuugwira mtima.

Amayi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundifunsa mosapita m'mbali ngati ukwati ulipo kapena tikungobisala denga limodzi. Dorika wakula, mng'ono wake ali kuti. Ndinapita kukaphitsa madzi.

A Ignasio atafika ndinaika beseni pakati pa khomo kuti asadutse. Ndinati lero musankhe, ine kapena ndevu. Ndinanena zambiri. Kuti ndinu mkamwini, nyumba ino ili pa dothi la amayi anga. Kuti ngati ndakukwanani nenani poyera. Kuti ndimanyansidwa kukuyang'anani mukudya, ndiwo zikutsalira pa masharubu. Lomalizali linawalasa, ndinaona. "Jesinta, ndipirireni mpaka dzinja." Ndinafunsa kuti dzinja likubwera ndi chiyani. Analumpha beseni n'kulowa.

Lero, potuluka m'tchalitchi, ndapita kwa amalume a Ezara, ankhoswe anga. Ndanena zonse, za mphasa zomwe.

Lachitatu, 4 Julayi

Amalume atuma uthenga kwa a Anselmo, akulu awo a amuna anga, ndiwo ankhoswe a kuchimuna. Mlandu Loweruka la sabata ya mawa. Amalume akuti mwamuna wokana lumo la mkazi wake wakana mkaziyo, palibenso zina.

Mtima wayamba kundiluma. Ine ndinkafuna awaopseze chabe. Koma amalume sachedwa kutulutsa mkamwini. A Gerevazio, amuna a msuweni wanga, anawachotsa tsiku limodzi, atangoona mawanga a khate pamsana pawo nthawi yolima. Kakhumbi kutsidya kwa mtsinje, chakudya kuwasiyira pa mwala. Ana awo sankaloledwa kuwolokerako. Msuweni anakwatiwa kwina chaka chisanathe. Kakhumbiko kanagwa ndi mvula yathayi, mwini wake atapita kale. Uja anali wodwala, sanalakwire munthu. Nanga wokanika dala?

Ndikuwafuna a Ignasio. Ndilembe poyera, palibe akuwerenga. Ndikufuna nkhope yawo m'manja mwanga ngati kale, atatseka maso, akung'ung'uza nyimbo ya Chilatini molakwitsa, ine ndikuwauza kuti atseke pakamwa ndingawacheke. Loweruka linali tsiku langa.

Loweruka, 7 Julayi

Sanabwere. Koyamba chikwatiranireni. Anatuma mnzawo uja kudzanena kuti ntchito yachuluka. Dorika wakhala panjira mpaka chisanu chamuthamangitsa.

Akulu anga akuti akapandanso kubwera sabata ya mawa, ndiye kuti ayankha kale. Ndawafunsa ngati alibe nyemba zoti apunthe kwawo.

Lachisanu, 13 Julayi

A Anselmo afika masana pa njinga, nkhope yosalala ngati dzungu. Ndawaphera nkhuku. Andifunsa mwaulemu ngati sindingathe kuzolowera. Akuti ku Joni amuna ambiri amasunga masharubu, akazi a kumeneko amakonda. Ndati ine sindinakwatiwe ku Joni, alamu.

Lumo ndanola mpaka likudula tsitsi la pamkono popanda sopo. Mawa ndipambana. Sindikumva kukoma kulikonse.

Lolemba, 16 Julayi

Masiku awiri ndalephera kugwira pensulo. Ndilembe bwinobwino mmene zinayendera.

Anabwera. Loweruka masana, malaya ochapa. Bulangete lawo anali atalimanga kale ndi luzi, ndinaliona kuseri kwa chitseko. Ankhoswe pakhonde, amayi ndi akulu anga pansi chapomwepo, ena kuseri kwa mpanda ngati akufuna nkhuku zawo. A Ignasio sanadziteteze. Amalume anagamula mwachidule: alowe kubafa ndi mkazi wake, atuluke wometa, nkhani yatha. Akakana, atenge bulangete atsagane ndi mkulu wake lero lomwe. A Anselmo anavomera.

Kubafa. Anakhala pa mwala wawo uja, ine chogwada, ukali uli mumtima. Ndinayamba ndi masharubu, ndinawasesa onse. Mlomo unaoneka, ndinatsala pang'ono kulira poona mlomo chabe. Kenako sopo tsaya la kumanzere. Ndevu za kumeneko zazitali kuposa zina, zopesera pansi. Ndinazipatula ndi chala.

Pansi pake palibe ndevu. Banga. Lotuwa, lofiirira m'mbali, kukula kwake ngati chikhatho cha Dorika. Za pamwamba ndizo zimaphimba. Lumo linaterereka m'dzanja langa n'kucheka pabanga pomwepo, magazi kutsika mpaka pakhosi. Iwo maso ali kumpanda, osaphethira. Sanamve.

Ndinadziwa. A Gerevazio ndinawaonapo.

"Pantchafu pali lina," anatero motsitsa mawu. "Ndinaliona pa Pasaka, ili labwera pambuyo. Ndimati ndikufolereni kaye nyumba, ndimuone Dorika mpaka dzinja, ndiye ndizipita ndekha. Metani, Jesinta. Ndatopa."

Mbale yawoyawo. Mphasa pachitseko. Dzanja la mwana. Ine ndi pakamwa pangapa: tonde, mkamwini, kunyansidwa. Ndipo amene anaitana amalume ndine, kuwakhazika pakhonde langa, mapazi khumi kuchokera pa banga limenelo.

Amalume anatsokomola panja, kufunsa ngati tikumeta nkhosa.

Ndinatsinira balalo ndi kansalu kofiira kaja mpaka magazi analeka. Ndinatsuka sopo. Ndevu ndinazibwezera pamalo pake, kuzipesa ndi zala, kudulira m'mbali kuti zilingane monga za a Rashidi. Anandigwira mkono kuti ndileke, n'kuutaya msanga atakumbukira. Ndinagwira wawo ineyo.

Tinatuluka. Ndinagwada pamaso pa amalume. Ndinati ndaziyang'ana pafupi, zikuwakhala, ndazisiya ndine mwini lumo. Masharubu okha ndiwo ankandinyansa. Kenako amalume anayamba: kuti ndawasandutsa chidole, kuti munthu wapalasa njinga tsiku lathunthu chifukwa cha timatsitsi ta pansi pa mphuno, kuti ndisadzawaitanenso ngakhale nyumba ikupsa. A Magadalena anati ndadyetsedwa mankhwala m'bafamo. Kuseri kwa mpanda kuseka. Ine pepani, pepani, maso pansi. A Anselmo anayang'ana mng'ono wawo nthawi yaitali.

Bulangete ndinalimasula ndekha.

Lachinayi, 19 Julayi

Kuchitsime dzina langa latsopano ndi Nandevu. Apeka ndi kanyimbo komwe. Ndatunga, ndasenza, ndabwerera. Mwezi wathawu ndikanaswera mtsuko pamutu pa wina.

Ndapita kwa asisitere ngati ndikukapempha ulusi. Ndinafunsa mozungulira, za munthu wina wa kutali. Sisitere wamkulu anati kunsi kwa mapiri kuli chipatala cha odwala otere, kwabwera mankhwala atsopano a mapiritsi, ena amachira n'kubwerera kwawo akafulumira kupita. Chaka, mwina ziwiri. Anandipatsa ulusi uja osafunsa dzina la munthu wa kutaliyo.

Tidzanena kuti apita ku Halale kukagwira ntchito. Theka la amuna a mudzi uno lili kumeneko, palibe adzadabwe, ndipo wobwera ku Halale amalandiridwa ndi nkhuku. Ine ndimafuna anyamuke mawa. Iwo akanitsitsa, akuti sangandisiye m'nyumba yodontha, ndipo udzu sunamwetedwe n'komwe. Kuuma mutu komweko. Masabata anayi kapena asanu akudutsa pakhomo pa amalume.

Dorika ndamusambitsa padzuwa, kumutembenuza uku ndi uku mpaka wakwiya. Palibe. Lero palibe.

Loweruka, 21 Julayi

Madzi ndaphitsa. Sizasi ndinabwereka dzulo kwa a Zuhura. Anaseka, akuti ankadziwa kuti nditembenuka mtima. Lumo lili kudenga.

Ndadulira kumanja, pansi pa chibwano, pamlomo. Kumanzere sindinadule, ndangopesa. Banga lakwera pang'ono chakukhutu, kapena ndi maso anga. Tsitsi lina linatsalira pachipeso, ndinalifumbata kuti asaone. Anatseka maso. Nyimbo ya Chilatini ija, molakwitsa momwemo. Sindinawauze kuti atseke pakamwa.

Akulu anga podutsa anaima kuseri kwa bafa. "Ndiye zikukukomeradi, iwe?" Ndati kwambiri.

Sizindikomera. Sizinawakhalepo, sizidzawakhala. Mawa Misa, ndipo amalume amakhala kumanzere kwawo, phewa ndi phewa. Ndagwada pa mphasa dzuwa likadalipo, kolona m'manja, kupempha chinthu chimodzi chokha: zikule, zichindikale, isathothoke ngakhale imodzi.